Atate Ako Anapepesa

Nkwazi, Ndola

Wokondedwa mwana wanga Jethro,

Muli bwanji kumeneko ku Solwezi, iwe ndi apongozi anga aChiyanjano? Chifuwa cha mwana chija chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti miyendo yangayi yayamba kundikana, ndipo fumbi la chaka chino latilowa mpaka m'mano.

Kalatayi ndapatsira aManasseh oyendetsa basi aja, chifukwa pa foni umangoti eya amayi, eya amayi, maganizo ali kwina. Iyi uwerenge utakhala pansi.

Mlongo wako Chichi wandiuza kuti akuitana ku ofesi sabata yamawa pa nkhani ya galimoto la mumgodi lomwe linawonongeka uli pa shifiti. Akuti unamuyankha moseka, kuti palibe chovuta, ukangolowa n'kupepesa monga anakuphunzitsira atate ako, nkhani yatha. Pamene amandiuza ndinali kudula repu, ndipo mpeni unandigwa m'manja.

Tsono imva zomwe takhala tikukubisira. Atate ako ntchito inatha. Inatha mvula yapitayi isanayambe, ndipo anandiletsa kukuuza. Ndawamvera mpaka pano, lero ndalephera.

Ukukumbukira lamba wamkulu uja wonyamula miyala kupita ku ng'anjo, kufakitale ya laimu kumene ankagwira? Lambayo anali atatha kalekale. Atate ako ndi ba Patson, anzawo a Katolika aja okhala kuseri kwa msika, anauza kapitawo kangapo konse. Iye ankangoyankha m'Chibemba kuti mailo, mailo, ndipo mawa lakelo silinafike. Tsiku lina lamba anaduka, ntchito yonse inaima, ndipo awiriwo anawaitana ku mlandu.

Madzulo ake ba Patson anafika kuno ndi mayi wina, ba Anastasia, woimira antchito mu yuniyoni. Mayiyo anawachonderera atate ako kuti alowe m'bungwemo ngakhale mochedwa choncho, kuti akakhale nawo pambali pa mlanduwo. Anawauzanso kuti kumeneko munthu savomera kanthu asanamve chomwe akumuneneza.

Atate ako umawadziwa. Anawathokoza mwaulemu, anandiuza ndiwaphikire tiyi, anawaperekeza mpaka pamsewu. Atabwerako anati mkulu wa mpingo sayenda ndi anthu oimba nyimbo zaphokoso pa geti, ndipo munthu wodzichepetsa safuna womulankhulira.

Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga mkaka uja akhala akumwa kuntchito zaka zonsezi anaumenyera ndani. Nsapato zachitsulo, zotseka kumphuno, tchuthi cha maliro pamene tinataya agogo ako, zonsezo zinabwera ndi anthu aphokoso omwewo, ndipo atate ako sindinawaonepo akukana ngakhale chimodzi. Koma ndinangowasitira jekete lawo la pa Mgonero ndi manja angawa.

Iwe wakulira mumpingo, ukudziwa mmene zimayendera pa bwalo la akulu. Munthu akaitanidwa, kaya walakwa kaya sanalakwe, amayamba ndi kudzichepetsa. Akulu amamudzudzula pang'ono, wina apemphera, agwirana chanza, aliyense n'kumapita kwawo. Kumudzi ku Katete n'chimodzimodzi. Atate ako aweruza milandu yotere kuyambira usanabadwe, ndipo ankaona ngati ku ofesi nakonso kuli akulu.

Analowa okha, chipewa chili m'manja. Asanafunsidwe kanthu anati pepani mabwana, ngati pali cholakwa ndi ine, mundikhululukire. Bwana anawafunsa ngati ndiye kuti akuvomera mlanduwo. Iwo anati akuvomera, uku akuyembekezera kudzudzulidwa. Mtsikana wa pa kompyuta analemba. Panalibe pemphero, panalibenso chanza. Anangowauza kuti akabweze chisoti ndi nsapato za kampani.

Ba Patson analowa ndi ba Anastasia. Akuti mayiyo anawauza kuti angokhala pampando, pakamwa atseke mpaka iye atanena. Anafunsa mabwanawo kuti lambayo anasinthidwa liti komaliza, kenaka anaitanitsa anthu a pa shifiti omwe ankamva mailo uja. Kapitawo anatuluka thukuta. Ba Patson anabwerera pantchito, ndipo lamba watsopano anaikidwa mwezi womwewo.

Mayiyo sanatitaye, ngakhale tinamubweza ndi tiyi chabe. Anapitanso kukanenera atate ako, koma anamuyankha kuti munthu wamkulu wavomera ndi pakamwa pake, ndipo si membala wake. Anabwera kudzatiuza yekha, ali ndi manyazi ngati walakwa ndi iye.

Pano atate ako akumadula udzu ndi kusadzula maluwa panyumba ya munthu wina ku Itawa. M'mawa amadzukabe nthawi ya shifiti, n'kukhala pakhonde. Ba Patson anasiya kudutsa pakhomo pano atavala nsapato zantchito, amazungulira njira ya kuchigayo kuti asawapweteke mtima. Ine ndimakhala pamsika ndi ndiwo zamasamba dzuwa lonse.

Ndatopa, Jethro. Ndatopa ndi kumwetulira ku tchalitchi, ndatopa ndi kunamiza mwana wanga pa foni kuti atate ali ku shifiti. Za atate ako ndazisenza, koma zoti nawenso ubwere ndi katundu pa basi, mkazi ndi khanda ali pambuyo, sindingathe.

Ba Patson akuti kumgodi kwanuko kuli bambo wina dzina lake Wilfred, ndiye woimira antchito. Ukamufune ukangoweruka, usadikire sabata yamawa. Umuuze zonse za galimotolo, ngakhale zomwe ukuona ngati zazing'ono, ndipo ulowe m'bungwemo. Sindikunena kuti a yuniyoni ndi angelo. Phokoso ali nalodi, ndipo pa malipiro amadulapo kawo. Koma ku ofesi ija usakalowe wekha. Ngati unalakwadi, chilungamo chidzaoneka mutafunsana bwinobwino, osati iwe kudzimangirira usanamve n'komwe mlandu.

Lero m'mawa ndawauza atate ako kuti ndikukulembera zonse. Ndimayembekezera kuti akalipa. Anali kupukuta nsapato zawo za ku tchalitchi, ndipo anapitiriza kupukuta nsapato imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali. Kenaka, osandiyang'ana, anati ndikuuze kuti ukamufune munthuyo. Anatinso anakuphunzitsa zomwe iwo ankadziwa, ndipo akupepesa.

Ndinawayankha kuti zopepesa zatikwana m'nyumba muno. Koma ndakulembera momwe ananenera, chifukwa sindinawamvepo akupepesa kwa mwana wawo.

Undiperekere moni kwa aChiyanjano, ndipo kamdzukulu kangako ukapsompsone m'malo mwanga. Chichi akuti moni. Ambuye akusunge pansi pa nthakapo, akutulutse wamoyo tsiku ndi tsiku. Ukakaonana ndi aWilfred uimbe foni, ndipo uyambe walankhula ndi atate ako, chifukwa akhala ali pakhonde kudikira.

Ndine mayi wako,
Elina