Dzina limene sindinafafanize

Wokondedwa mlongo wanga A-Hok,

Ndikhulupirira uli bwino ku Taoyuan kumeneko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Shuga uja watsika, kapena ukudyabe zotsekemera mobisa m'kanyumba kako ka ulonda? Kuno ine ndilipo, kungoti mawondo andikana. Mphepo ya kunyanja yayamba kale, ndipo adyo ndabzala mizere inayi yokha chaka chino.

Usadabwe kulandira kalata ngati tili m'masiku a bambo. Ndakuimbira katatu, ndipo katatu konse ndangofunsa za mvula n'kudula. Ndiye khala pansi uwerenge, ndipo usandiimbire usanafike kumapeto.

Mudzi ukutha, A-Hok. Ku ofesi ya dera amamata pepala mwezi ndi mwezi, la obadwa, omwalira ndi osamuka. Ndinasiya kuliwerenga, chifukwa pa obadwa pamangokhala mzere wopanda kanthu, ndipo omwalirawo ndimakhala nditadya kale mpunga pa maliro awo. Sukulu yathu ija anaitseka, pabwalo pake timayanikapo mtedza. Basi imabwera kawiri pa tsiku. Onse akukhamukira m'matauni, ku Huwei ndi ku Douliu, ndipo kuno tikamva khanda likulira timatuluka kukaona kuti wadzacheza ndi ndani.

Ukudziwa kuti chimwalirireni alamu ako, buku la mabanja la ku kachisi ndimasunga ine. Pa chikondwerero cha a Ong-ia, mulungu wa mudzi wathu, ndine ndimawerenga dzina la mwini nyumba aliyense, a Ting Kim-tsui n'kumaponya timatabwa tiwiri tija. Kena kakagwa chagada kena chafufumimba, ndiye kuti a Ong-ia avomera. Wovomeredwa kambirimbiri motsatizana ndiye amatenga mphika wa lubani kukausunga m'nyumba mwake chaka chonse, kuufukiza m'mawa ndi madzulo osaphonya.

M'masiku a bambo mayina anali 140. Tinkawerenga mpaka masana, iwe n'kugona pa mwendo wa amayi. Chaka chino atsala 31, ndipo timamaliza tiyi asanazizire.

Lamulo lake ulidziwa: wosamuka amafafanizidwa. Ndipo ine ndafafaniza anthu, mlongo wanga, osaona nkhope. Mwana wa a Ting ndinamufafaniza chaka chomwecho chimene anapita, bambo akewo akuchonderera kuti ndidikire kaye, mwina mzinda umulavula. Ndinawayankha mwamwano kuti buku la kachisi si la anthu oyembekezeredwa.

Koma lako sindinafafanize. Zaka 26 ndakhala ndikuliwerenga mothamanga, chapansipansi, pakati pa mayina awiri aatali. Timatabwa tinkakana ulendo woyamba kapena wachiwiri, n'kupitirira, palibe wolankhula. Ndinkadziuza kuti ndikusungira nyumba ya makolo, poti ili m'dzina lako. Bodza. Ndinkangofuna kuti kamodzi pa chaka dzina lako limveke m'mudzi muno.

Chaka chino, mwezi wachinayi, ndinaliwerenga monga mwa masiku onse. Timatabwa tinavomera. A Ting anaponyanso, tinavomera. Pofika kachisanu ndi chiwiri mphika unali utagwera iwe, ndipo ine ndinkalakalaka nthaka itandimeza.

A Ting anatola timatabwato pang'onopang'ono, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati, mayi inu, wangayu munamufafaniza chikwama chake chisanafike n'komwe pa siteshoni, nanga wanuyu ndi wagolide? Ati, ndiye tikausiye kuti mphikawu, pa geti pamene akulonderapo, azifukiza uku akutsegulira magalimoto a eni ake? Anthu anaseka, koma kunali kuseka kowawa, chifukwa aliyense pamenepo ali ndi wake amene ndinamufafaniza.

Apa ndi pamene ndinachimwa kachiwiri. Ndinaimirira n'kunena kuti ndinalankhula nawe kale, kuti ukupuma pa ntchito ndipo ukubwerera kumudzi. Ndinati ndikugwirizira mphikawo masabata angapo chabe.

Anaunyamula mphikawo ndi ng'oma imodzi, poti woimba chitoliro tinamuika chaka chatha. Ndinatsogola kukatsegula nyumba yako. Loko anali atadyedwa ndi mchere, tinachita kuthyola. Ndinasesa ndowe za abuluzi, ndinatchera ndowa pamene pakudontha, ndinapukuta tebulo la makolo, ndipo a Ong-ia analowa m'nyumba imene simunaphikidwe chakudya chimwalirireni amayi.

Kuyambira tsikulo ndi miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa ndi madzulo ndimadutsa pa mkumbira wa pakati pa maiwe a nsomba ndi ndodo yanga, kukayatsa timitengo titatu ta lubani m'dzina lako. Ndimati, ndine A-Hok, mwana wa uje, ndatuma achemwali anga. Tsiku la namondwe ndinapita chokwawa. Sindikukuuza kuti undimvere chisoni, ndinadziputira ndekha.

A Ting sanasiye kundinyogodola. Tikakumana podikira galimoto ya zinyalala amandifunsa kuti, abwana aja afika pati, kodi akubwera pa kamba? Poyamba ndinkati ukudikira chilolezo cha ku ntchito. Kenako ndinati alamu anga akudwala, andikhululukire. Tsopano mabodza andithera, ndimangoloza mawondo n'kusintha nkhani.

Koma sabata yatha anabwera kunyumba osaseka. Anakhala pa khonde, chipewa chili m'manja, nati adadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ndikunama, ndipo sanandiyalutse chifukwa akanakhala iwo ndi bukulo akanachita chimodzimodzi. Ati koma mphika ukazizira ngakhale tsiku limodzi, palibenso wina wousenza pakati pa chaka: uyu ndi wa pa njinga ya olumala, uyo saona, enawo ali mwendo umodzi m'basi. Akuluakulu agwirizana kuti zikatero atseka kachisi n'kupititsa a Ong-ia ku kachisi wamkulu wa m'tauni, monga anachitira a mudzi wa kutsidya. Ndinakaionako milungu ya kumeneko, A-Hok. Yangondandalikidwa pa shelefu ngati alendi, uliwonse ndi kapepala ka dzina la mudzi wake.

Ndiye imva chimene chandilembetsa kalatayi. Ine ndikuchoka.

Mwana wanga Pei-shan wapangana ndi adokotala kuti andichite opaleshoni ya mawondo pa 20 mwezi uno. Akuti ndikatuluka sindibwerera kuno, ndizikakhala kwa iye ku Huwei, kumene kuli chikepe chokwerera m'nyumba yosanja ndi chipatala pafupi. Ndinakana, ndinakalipa, ndinamutchula mayina. Anangondifunsa kuti, amayi, mukadzagwera m'dziwe muja adzakuoneni ndi ndani, akakowa? Lachiwiri ndinapita naye ku ofesi kukasamutsa dzina langa, ndipo mwezi wamawa pa pepala lija ndidzakhala ine pa osamuka.

Ndatopa, mlongo wanga. Ndatopa ndi kunama, ndatopa ndi mkumbira uja, ndatopa ndi kuwerenga anthu amene kulibe.

Sindikuti usiye ana ako udzafere kuno. Ndikupempha miyezi isanu ndi umodzi yokha, mpaka chikondwerero, timatabwa tidzasankhe wina. Denga likudontha pamodzi pokha. Chitofu cha gasi ndakusiyira changa, ndi mabulangete awiri, ndi adyo wa mizere inayi uja. Ndikudziwa udzati sunapemphe zimenezi, ndipo ukunena zoona. Ndinakusenzetsa katundu uli kutali, osakufunsa. Undikhululukire.

Dzulo ndinatenga bukulo kuti ndikalipereke kwa a Ting. Ndisanapite ndinatsegula, ndinapeza dzina la nyumba yanga, n'kulifafaniza ndekha. Ndinapita pa lako, cholembera chili m'manja, ndinakhala pamenepo mpaka lubani anatha. Ndalephera, ndipo kwa a Ting sindinapitenso.

Bukulo ndalisiya pa tebulo la makolo, pambali pa mphika. Kumanja kwake ndaika machesi, kumanzere cholembera. Kiyi watsopano ali pansi pa mtsuko wosweka uja, pamene amayi ankabisa wakale. Ine ndifukiza komaliza pa 19 madzulo. Bwera, A-Hok, udzatole chimodzi mwa ziwirizo ndi dzanja lako.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti ndinawadwalitsa pakamwa pokha, ndipo ndawapempherera moyo wautali. Moni kwa ana ndi kachidzukulu kaja kamene ndimangokaona pa chithunzi. A Ong-ia akusunge pa msewu, poti dzina lako akulidziwa bwino.

Ndine chemwali wako,
Siu-kim