Wotchi ya Bambo Ako

Nsungwi, Area 25,
Lilongwe.

Wokondedwa mwana wanga Thokozire,

Ndine mayi ako aang'ono, Tiwale. Kodi wadzuka bwanji kumeneko ku Cape Town pamodzi ndi bambo akunyumba, a Weston? Nanga mlendo wathuyo akuyamwa bwino? Nditamva kuti wachira ndipo Mulungu watipatsa mwana wamkazi, ndinalulutira pakati pa msika, mpaka anzanga ogulitsa kaunjika anayesa ndapenga.

Kuno tilipo, koma sindikunamiza kuti tili bwino. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa geni amene akukwera basi mawa, ndipo ndawapempha a Weston kuti akupatse utakhala pansi, mwana ali m'manja mwawo. Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphedumphe monga unkachitira ndi mabuku akusukulu.

Ukudziwa za bambo ako a Greenwell ndi mawotchi. Pobwera kudzafunsira achemwali anga, amayi akowo, anavala yopukusa ija, ndipo ankangopinda malaya kuti tiione. Atayamba ntchito ya fodya ku Kanengo anagula ya batire yokhala ndi timabatani ta masamu, tating'ono moti ankadina ndi kamtengo ka machesi. Ndiye iwe utawatumizira yako ija yonga kafoni ka pamkono, tinaona zakuda. Aliyense wolowa pageti ankayezedwa mtima, ngakhale munthu wodzawerenga mita ya madzi.

Unachita bwino kuitumiza. Sitiroko itawalanda mawu, wotchiyo ndi imene inkakulankhulitsani. M'mawa uliwonse unkawatumizira kamtima kofiira, iwo n'kudina kukubwezera, nkhope ili mwee. Iwe uli kutaliko unkaona pafoni yako mmene mtima wawo ukugundira, mmene agonera, kumene ali ndi mtunda umene ayenda.

Koma ine chinthucho sindinachikonde, ndipo ndinkanena. Tsiku lililonse chimafuna moto ngati khanda lofuna bere. M'minibasi bambo ako ankachibisa m'jekete kuopa anyamata a zala zazitali. Komanso chimanama. Ukukumbuka Lamulungu lija anawomba m'manja mwamphamvu kutchalitchi, icho n'kukuuza kuti agwa, iwe n'kuimbira Area 25 yonse uku ukulira?

Thokozire mwana wanga, limba mtima. Bambo ako kulibe. Anatisiya mu Juni, sabata yomwe ija unagonekedwa m'chipatala chifukwa cha BP.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, ndiye wotchi inali kwa ometa a pakona amene ali ndi sola. M'mawa bambo ako anapita kuseri kukathirira mpiru wawo, amayi ako ali kukiyosiki kotunga madzi. Pobwera anawapeza ali pansi, keni ili pambali. Tinathamanga nawo, koma tinafika kuchipatala zitatha kale. Chinthu chimene chinakuwa chifukwa cha kuwomba m'manja, tsiku logwa zenizeni chinali pashelefu ya ometa. Zimandipweteka mpaka lero.

Amalume ako anaimbira a Weston. Onse anagwirizana kuti mayi wapakati sauzidwa maliro, makamaka iwe amene madokotala anali atanena kuti kudzidzimuka kulikonse kungatilande iwe ndi mwana yemwe. A Weston anakuchotsa m'magulu a pafoni ponamizira kuti upume, ife kuno tinayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti asaike chithunzi paliponse. Anthu a ku Nsungwi, amene sasunga nkhani ngakhale ya nkhuku, iyi anaisunga.

Chinatsala ndi wotchi. Pofika masana unali utafunsa kale kuti bwanji bambo sanabweze kamtima. Amayi ako anadzuka pamphasa, anapita okha kwa ometa, nakaitenga. Mkono wawo ndi woonda, choncho anaboola lamba ndi msomali n'kuivala. Thupi la amuna awo linali lisanatuluke n'komwe kumotchale.

Tinakaika kwathu ku Ntcheu. Utaona pafoni kuti wotchi ili ku Ntcheu unafunsa, ndipo a Weston anakuyankha kuti bambo apita kumudzi kukapuma. Atandiuza yankho limenelo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

M'mawa wa tsiku loika, tili m'nyumba ya siwa, kamtima kako kanafika. Ndinaona achemwali anga akulowetsa dzanja m'chitenje n'kudina, misozi ili chuchuchu. Azakhali ako anaiona wotchiyo. Anayamba kunong'ona mokweza kuti namfedwa wayamba kale kusolola katundu wa malemu dothi lisanaume, anthu asanamete n'komwe. Ndinawayankha ndine, ndipo zimene ndinanena sindingazilembe m'kalata yopita kwa mwana.

Chibwerereni kumudzi, m'mawa uliwonse amayi ako amavala zakuda zawo n'kuyenda njira ya bambo ako: kutsika mpaka kumsika, kuzungulira kutchalitchi, kubwerera. Sagula kanthu. Amangoti mwana aone kuti bambo ake ayenda. Timitima tonse walandira miyezi imeneyi anakubwezera ndi iwowo.

Tsopano mvetsetsa, chifukwa apa ndi pamene pali chondilembetsa.

Masabata apitawa wakhala ukutumiza mauthenga kuti tiwatengere bambo kuchipatala, ati wotchi ikuchenjeza kuti mtima ukugunda modumphadumpha. Unandikalipira kuti ndife osasamala, ndipo ndinangomeza. Mwana wanga, mtima umene ukuuona pafoni yakowo ndi wa amayi ako.

Miyendo yawo yatupa moti nsapato za kutchalitchi sizikulowa. Akayenda pang'ono amaima n'kugwira mpanda wa eni ake, wefuwefu. Pogona amachita kutsamira khoma. Ndawauza za kuchipatala mpaka pakamwa pauma. Akuti iwo sakudwala, ndi chisoni chabe. Akuti wotchiyo inazolowera matenda a mwini wake, ndiye ikungokumbuka mtima wa malemu. Anandikumbutsanso kuti ndine ndemwe ndinkati chinthucho n'chabodza, nanga lero ndachikhulupirira liti?

Ndiye tsiku lina akusamba ndinaitenga n'kupita nayo kumsika pamkono panga. Ndinanyamula mabelo a kaunjika, ndinakangana ndi makasitomala, icho chili duu, osadandaula kanthu. Nditawabwezera, dzuwa lisanalowe chinayambanso kuchenjeza. Ndikudziwa kuti wotchi si dokotala, koma miyendo ija ndikuiona ndi maso angawa.

Nditawapanikiza anandiuza zoona. Akuti akapita kuchipatala atavala, iwe uona pafoni kuti bambo ali kuchipatala, BP ikwera. Akapita atavula, uona kuti mtima waima. Ndiye anasankha kukhala pakhomo. Utachira ndinati basi, tsopano timuuze. Iwo akuti ayi, mwana ayambe watuluka m'chikuta. Akatuluka adzati ayambe wakhala pansi, kenako adzati ayambe wayenda. Ndimawadziwa achemwali anga a Janet, tinayamwa bere limodzi. Akuopa tsiku limene udzadziwe kuti anakunamiza, ndipo ndikuganizanso kuti akadzavula wotchiyo ndi pamene amuna awo adzafe zenizeni kwa iwo.

Sakudziwa kuti ndikulemba. Akadzamva mwina sadzandilankhula, koma bola adzandikwiyire ali moyo.

Lira, mwana wanga, bambo ako anali munthu. Anapita akudziwa kuti uli ndi pakati, ndipo ankaloza mimba yawo n'kumaseka, kusonyeza kuti mukupikisana. Ukafuna wokwiyira, kwiyira ine, kwiyira amalume ako. A Weston uwakhululukire, asenza katundu wolemera okhaokha m'dziko la eni. Koma amayi ako usawakalipire, chonde, mtima umenewo sungathenso kunyamula mawu olemera.

Chimene ndikukupempha n'chimodzi. Ukawerenga kalatayi, m'mawa mwake usatumize kamtima. Uimbe foni, uwatchule kuti amayi, uwauze kuti wadziwa zonse ndipo ukuthokoza. Kenako uwalamule, osati kuwapempha, kuti avule wotchiyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Abusa alephera, amayi a mvano alephera, ine ndalephera. Watsala ndi iwe. Ine benchi yanga kumsika nditseka, ndikhala pakhonde nditavala kale, kudikira foni yakoyo.

Undiperekere moni kwa a Weston, uwauze kuti banja lathu silidzaiwala. Mwanayo umupsompsone m'malo mwanga, ndipo utitumizire chithunzi choti agogo ake akachione ali pamzere wa kuchipatala. Mulungu wa amasiye akugwire dzanja, akupatse mkaka wokwanira ngakhale uli m'misozi.

Usachedwe, Thokozire. Ndilibe mphamvu yokulemberanso kalata ina yonga iyi.

Ndine mayi ako aang'ono,
Tiwale