Amene anaulula za ngalande ya abambo

Zomba,
19 Ogasiti 2001

Okondedwa achemwali a Lily,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu a Phillip ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Kuno ndilipo, ndikudya, koma tulo ndi tochepa.

Ntchito yowerenga mbalame pa nyanja ya Chilwa ikuyenda. Sabata yatha ndinaima pamaso pa alendo, magalasi oonera patali ali kumaso, n'kulengeza kuti ndaona bakha wa mtundu wosowa. Ena anayamba kulemba. Titayandikira tinapeza kuti ndi jumbo yakuda yokodwa pa bango. Zaka zinayi za ku koleji zimene munandigulitsira mpunga zija, zipatso zake ndi zimenezi.

Koma chimene ndalembera kalatayi si choseketsa. Ndamva kuti a komiti yoteteza mbalame atseka ngalande yathu ndi matumba a mchenga, chimanga cha kudimba chili pafupi kumasula. Ndamvanso kuti alamu akuloza chala a Davison, wosaka mbalame wa m'mudzi mwathu uja, poti ali m'komitimo, ndipo misampha yawo ya mbalame inapezeka itadulidwadulidwa. Achemwali, a Davison sanaulule kanthu. Anaulula ndine.

Zinayenda chonchi. Mu Meyi tinapita ku dambo la kwathu ndi mzungu wina wodziwa za mbalame. Sindinafike pakhomo chifukwa galimoto inali ya ntchito, ndipo za ichinso mundikhululukire. Amene ankatiyendetsa pa bwato anali a Davison. Mzunguyo anali atatopa, udzudzu utamumaliza, ine n'kufuna kumuseketsa. Mukundidziwa pakamwa panga. Ndinayamba kusimba m'Chingerezi mmene malemu abambo anakumbira ngalande yochoka pa thamanda, n'kuibisa ndi udzu wa mlulu mwaluso moti mlangizi wa zaulimi anagweramo mpaka m'chiuno osadziwa chimene wagweramo. Ndinakometsera, ndinayeserera ngakhale kayendedwe ka mlangiziyo. Mzungu anaseka mpaka misozi. Kenako anandifunsa kuti ngalandeyo ili cha pati, ine mosangalala n'kuloza. Anatulutsa kabuku.

Patatha mwezi ndinaiona pa mapu mu ofesi, mzere wofiira, pambali atalemba kuti itsekedwe m'chilimwe. Sindinakuchenjezeni. Ndinadziuza kuti mapepala a mabungwe amathera m'kabati. Ili lokha ndiye linatuluka.

Sindikunamizani kuti a komitiwo akulakwitsa zonse. Thamanda lija likaphwa msanga, anapiye a abakha ndi atsekwe amatha asanauluke, ndipo mabanja ngati la a Davison ndiwo zawo ndi mbalame zomwezo. Ndinayeza ndekha ndi ndodo, ngalande yathu imatsitsadi madzi. Koma mbalame sindinabadwe nazo mimba imodzi. Chaka chino madzi osefukira anakutengerani munda wa kumtunda, ndipo ndikudziwa kuti dimba limenelo ndilo nkhokwe yanu.

A Davison ali kuno. Anabwera Lachinayi ku msonkhano wa osaka mbalame, umene unatha tsiku lomwelo, koma lero ndi Lamulungu adakali pa mpando wanga. Sanandifunse chilichonse. Amadzuka, kumwa tiyi, kuyamikira malata a nyumba ya eni ake ngati ndi yanga, n'kukhalanso. Dzulo anangoti ana awo masiku ano amazungulira njira ya kutchalitchi popita kusukulu, poopa kudutsa pabwalo panu. Atatero anapempha shuga wina. Lero m'mawa ati iwo Chingerezi sadziwa, koma munthu akamayenda ngati mlangizi wogwera m'madzi, m'bwato, chala chili cha kudimba la eni, safunika womasulira.

Ndapita kale kwa abwana anga kukapempha kuti matumba azichotsedwa masiku awiri pa sabata mpaka chimanga chikhwime. Sanavomere, sanakane. Ati nkhaniyo ndi ya komiti, imene ikumana pa 30 mwezi uno. Ndidzabwera ndidzayankhule ndekha, ndipo nthano sindidzasimba. Sindingalonjeze kuti madzi abwera. Pakadali pano thirirani ndi ndowa mizere ya kufupi ndi chitsime, ingapulumuke.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu apite kwa a Davison akapepese, ndipo misampha ija ndidzaluka nawo ine, ngakhale manja anga anazolowera cholembera. Mkwiyo umene alamu ausunga andisungire, asaumwaze kwa anthu osalakwa. Amayi muwauze inuyo, mwapang'onopang'ono, chifukwa ngalande ija ankaitchula ngati mwana wawo wachitatu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume a ku Migowi, kwa alamu ngati angaulandire, ndi kwa Tikondwe ndi Leah. Muwauze kuti amalume awo ophunzira aja adakali moyo.

Ndilekeze pano chifukwa a Davison aimirira. Ataona kuti ndadzaza tsamba lachiwiri, apempha chipewa chawo, akuti minibasi za ku Phalombe sizidikira munthu, ngati kuti masiku anayi onsewa kunalibe minibasi. Kalatayi atenga okha. Ndimafuna kumata envulopu, andigwira dzanja. Akuti ndisavutike, ikawerengedwa mokweza, iwo ali pomwepo.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Shadrick