Madzi Otentha a Alamu

Lachinayi, ku Orange Farm. Lero ndatopa, ndipo mtima wandipsa.

Ndabwera kuchokera ku ntchito ku Rosebank n'kupeza abambo a Tadala ali ndi matuza miyendo yonse. Achemwali awo, amene amatsala nawo masana, awathowa ndi madzi otentha, ati magazi ayende, miyendo idzuke.

Ndifotokoze kangati? Chigwereni amuna angawa pa sikafodi, pokwerapo pomanga nyumba, ku Doornfontein, chimene chinavulala ndi mtsempha wa mkati mwa fupa la msana, cha m'chiuno. Adokotala ananena kuti uthenga wochokera kumiyendo sufikanso kumutu. Vuto silili m'miyendo ayi.

Ndawafunsa alamuwo, "Bwanji simunayambe mwayesa madziwo ndi dzanja lanu?"

Iwo akuti, "Mlamu, kumudzi timathowa choncho. Komanso achimwene sanadandaule."

Adandaula bwanji munthu woti ngakhale umutsine samva?

Eni akewo anangoyang'ana kudenga. Kenako akuti, "Mayi a Tadala, musawakalipire. Nthunzi ndinaiona ine, koma ndinangokhala chete. Ndimati mwina lero ndimva."

Mawa ndijombanso ku ntchito, tipite ku kiliniki. Ketulo ndabisa pansi pa bedi. Koma mawu awo ajawa, kaya ndikawabisa kuti...