Andibwezera Mpata wa M'mano

Lolemba, 2 Juni 2025

Kuchipatala cha mano. A Bryson, dokotala wake, andilumitsa phala lozizira, ati kujambula m'kamwa. Mano anayi oikirira akutsogolo abwera sabata yamawa. Zaka zisanu ndi ziwiri kuseka nditagwira pakamwa, zatha! Ndauza a Elifala, amuna anga. Angomwetulira mwaulemu. Chaka chachiwiri tsopano chiyambire matenda awo oiwala. Amanditcha "mayi a m'nyumba muno". Dzina loti Fanny linawatayika. Ndikulifuna.

Lachinayi, 12 Juni

Afika! Oyera mbee, ondondozana bwino. M'minibasi ndasekerera aliyense, ndi kondakitala yemwe. Nkhalamba yonseyi ine, mphunzitsi wopuma, osachita manyazi. Chimanga chokazinga chindiona.

Loweruka, 14 Juni

Zalakwika. A Elifala andiyang'ana, andikokera mpando. "Takulandirani, nesi." Nesi! Amayi anzanga a Chigwirizano nawo akuti ndabwereka mano a mdzukulu. Ndaseka nawo, koma kukhitchini ndalira. Mano m'kapu.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndabwerera. Ndimaopa kuti a Bryson akwiya, koma ayi ndithu. "Amayi, mano anu enieni anali otani?" Ndatulutsa chithunzi cha ukwati wathu ku Mvera, 1979. Achiyang'ana nthawi yaitali. "Munali ndi mpata pakatipa! Bwanji osanena?" Ndimati zoterozo sapempha kuchipatala. Ati abwezeretsa mpatawo, dzino lakumanzere alipendeketsa pang'ono monga linalili, mtundu afananiza ndi otsalawa, achikasu cha tiyi. Timawaya abisa kumbuyo. Ulendo wonsewu kudzapempha mano okhota! Ndaseka mpaka kwathu ku Bowe.

Lachisanu, 27 Juni

Ndavala. Pagalasi, ine! Wamakwinya, waimvi, koma ine. Ndayesa likhweru, lalira monga kale. Nesi wa pachipatalapo anachita kusuzumira. Ndafika kunyumba a Elifala akugona, sindinawadzutse. Mantha. Bwanji akanenanso kuti nesi?

Loweruka, 28 Juni

Ndawapatsira phala ndi pakamwa potseka. Wamantha iwe, Fanny.

Lamulungu, 29 Juni

Tinali pakhonde ndi a Elifala, tikuwothera dzuwa. Mbuzi yalowetsa mutu m'ndowa, yakanirira, ikuthamanga nayo bwalo lonse. Ndaiwala zonse, ndaseka kukamwa yasa. Kucheuka, akundiyang'anitsitsa. Akonza kolala. "Inu si Fanny, wa kwaya ya ku Mvera?" Ndati ndine. Akhosomola. "Ndakhala ndikukuonani. Kodi alipo amene anakufunsirani kale?" Zaka 46 m'banja, ana asanu, sakuzidziwa. Koma dzina alitchula.

Ndati palibe. Ndati ndiganize kaye, monga ndinawayankhira tsiku lija. Mawa mwina adzaiwalanso, ndiye ndaganiza mphindi ziwiri zokha. Ndavomera.

Akuti Loweruka atuma amalume awo kwathu. Amalumewo tinaika kalekale. Ndasita diresi labuluu. Akundiitananso, ndi dzina langa. Ndilekeze pano.