Thabwa la Anyezi Lapita Kuboti

Mayi a mapasa,

Musavutike kufunafuna thabwa lodulirapo anyezi, ndatenga ndine. Injini ya boti inali yotsika kwambiri, imangokoka madzi ngati ikulima, ndiye ndaika thabwalo pomwe imakhalapo kuti ikwere zala ziwiri. Pano boti likuthamanga moti simungakhulupirire.

Vuto lili pokhota. Ndinatenga achimwene anu kuti tikaliyese, nditangokhota pang'ono iwo agwera m'madzi. Ali bwinobwino, koma nsapato imodzi yamira, ndiye ndawaperekeza kukagula zina. Malaya awo ali m'beseni kuseri, muwayanike. Tikabwera musaseke chonde, akuti anadumpha dala.

Pepani, lero dulirani pambale. Thabwalo musaliyembekezere, lapeza ntchito yabwino.

Bambo a mapasa