Mababu Akupsa a Amalume

Chiparamba,
Chipata.
19 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Benson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti Rabecca akumera mano, ndiye chilichonse chimene wagwira chikuthera m'kamwa. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi si ya pa foni. Netiweki pano imagwira pansi pa mango pokha, ndipo apongozi amakhala pomwepo tsiku lonse kuswa mtedza.

Inu monga nkhoswe yanga mukudziwa kuti mtima wanga uli pa chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga Tamiwe ndi mwana tizikakhala kwathu ku Kasenengwa. Pachikamwini munthu ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku. Koma mwini mbumba, a Alfonsi, amalume ake a Tamiwe aja, nthawi zonse amangoti, "Tione kaye manja ake." Manja ati amene sanawaone? Khola ndinafolera, chimbudzi chatsopano ndinakumba ndekha, njinga zonse za pamudzi pano zikuyenda chifukwa cha ine.

Chimene simukudziwa n'chakuti amalumewa ali ndi matenda a mawailesi akale. Akagulitsa thonje, anzawo amagula mbuzi, iwo amakwera basi mpaka ku Katete kukagula wailesi yosalankhula. Chipinda chonse chadzaza. Ena ali ngati tisutikesi, chogwirira pamwamba, ena ukatsegula chivundikiro amanunkha ngati m'nkhokwe. Mabatire ake anasiya kupangidwa ife tisanabadwe. Mawailesiwo amalankhula pokhapokha akabwera mnzawo a Buruhani, a sitolo ya nsalu m'tauni, ndi bokosi lawo la timabatire tolumikizalumikiza. Pamenepo madoda awiri amagunditsana mitu kumvetsera phokoso longa la mafuta m'chiwaya, n'kumati, "Mwamva? Ndi Mozambiki imeneyo!" Ine sindinamvepo Mozambiki aliyense.

Yokondedwa kuposa onse ndi yabuluu, yozungulira ngati poto, imene amaitcha wailesi ya sefuliya. Akuti anagula ndi atate awo pochokera ku migodi, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaimvera.

Mwezi watha amalume anapita kuchipatala kukachotsa ng'ala m'maso. Pochoka anandipatsa kiyi wa chipindacho, nati, "Akamwini, muzichotsa fumbi ndi nthenga ya nkhuku. Nthenga basi."

Ndinkachita zomwezo, Mulungu ndi mboni, mpaka tsiku limene ndinaona mphemvu ikulowa mu sefuliya. Mphemvu suisiya pamene pali mwana. Ndinamasula kumbuyo. Achimwene, zimene ndinapezamo! Akangaude, mawaya ofumbwa, ndi timababu tagalasi, tonse takuda kumutu. Inunso mukudziwa, babu likada ndiye kuti lapsa. Ndinatizula n'kutiika pamphasa. Potembenuka ndinapeza Rabecca wakwawa kuchokera pakhonde, kamodzi kali kale m'manja, kakupita kukamwa. Galasi limenelo likanasweka m'kamwa mwake, bwenzi ndikukulemberani zina. Ndinamulanda, n'kusonkhanitsa tonse, n'kukataya m'chimbudzi.

Mtima utakhala pansi ndinaganiza kuti mwina ndi Mulungu wanditsegulira njira yoonetsera manja aja. Ndinachotsa zam'kati zonse. Chitsulo chimene panali timababu tija chinakwanira bwino pa chitseko cha khola la nkhuku pamene pankalowa likongwe. Ndinapalasa njinga mpaka kumsika wa Kapata, n'kugula kawailesi katsopano kotchaja ndi sola, kolowa memori khadi. Ndinakalowetsa mu sefuliya muja n'kukamanga ndi mphira ya chubu. Inaimba, achimwene! Nkhuku zinathawa.

Tamiwe anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Atate ake Rabecca, amalume anati nthenga."

Ine ndinati, "Nthenga inakonzapo chiyani chiyambire?"

"Chabwino. Tsiku limenelo ine ndidzakhala ndili kudimba."

Ndipo anapitadi kudimba. Amalume anabwera pa galimoto ya a Buruhani, maso ali ndi thonje. Atawakhazika pampando, abale onse atasonkhana, ndinabweretsa sefuliya, n'kugwada, n'kuyatsa. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Timawailesi tamakonoti tikamayaka, mumayamba kulankhula mzimayi m'Chizungu.

"Ndi ndani mayi ameneyo?" anafunsa amalume.

"Ndi wailesi yanu, amalume. Yachira."

Kenaka kwaya inayamba, mawu oyera, besi yomveka mpaka m'mimba. Ana anayamba kuvina. A Buruhani okha sanaseke. Anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuigwedeza, nati, "A Alfonsi, mwana wanu waonda." Anatsegula kumbuyo. Anayang'ana mphira ija nthawi yaitali.

"Mavalavu ali kuti, mwana wanga?"

"Mababu aja? Anali akupsa, bwana. Onse akuda kumutu."

A Buruhani anavula kofia n'kudzipukuta nayo kumaso. "Kudako ndiye moyo wake. Yakufa imayera ngati ufa. Anali amoyo onse, ndinawayesa ndekha chaka chino. Munawaika pati?"

Ndinangoloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba. Apongozi anadziphimba ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindikudziwa ngati ankalira.

"N'chakuya bwanji?" anafunsa a Buruhani, ngati munthu amene akuganizadi zolowamo.

Anayankha ndi amalume. "Anakumba yekha. Ameneyu sachita zinthu mwatheka."

Ndinafotokoza za mwana ndi galasi. Anamvetsera osandidula. Kenaka anafunsa mofatsa, "Nanga mawailesi enawo, akamwini?"

Ine pofuna kuonetsa kuti si ndine waulesi ndinati, "Enawo sindinawafikire, amalume. Ndimati ndiyambe Lolemba."

"Kiyi," anatero, dzanja lili m'mwamba. Nditawapatsa anamuika m'thumba la malaya n'kugwirapo. "Itanani ankhoswe anu. Manja anu ndawaona. Mutenge mkazi wanu ndi mwana mvula isanagwe." Anagwiranso thumba lija. "Ayi. Mwezi wamawa usanathe."

Ndiye achimwene, chitengwa chija chatheka. Bwerani msanga tidzalongosole mwamwambo, tambala ndapeza kale. Mukalankhula ndi amayi, muwauze kuti wina avundikire chitsime chija cha kuseri kwa nyumba ndi malata, aikepo mwala waukulu, osati njerwa. Atolenso mabotolo osweka pabwalo, ndi mankhwala a thonje awapachike kudenga. Mwanayu amakwawa ngati akuthamangitsidwa.

Chinanso, funsani kwa madoda akale a kumigodi kumeneko ngati wina anasunga sefuliya yotere, ngakhale yoonongeka. A Buruhani akuti timababu timeneti sitipezekanso m'sitolo iliyonse, ungoyendera mwayi m'nyumba za anthu. Mukapeza, musankhe takuda kumutu. Chitsulo chija ndachichotsa kale pakhola, changopindika pang'ono.

Amalume sakundilankhula, ndikawapatsa moni amayankha ndi mphuno. Koma kawailesi kanga sanakachotsemo. Masana aliwonse amatuma munthu kudzatenga Rabecca, n'kumukhazika pamiyendo, n'kuyatsa. Mzimayi uja akalankhula, iwo amati, "Tamva, mayi," kenaka kwaya, mwana n'kugona. Thonje la m'maso lija anawachotsa, ndipo akuuza aliyense kuti sankadziwa kuti mdzukulu wawo ali ndi mphuno ya malemu mlongo wawo wamkulu. Dzulo ndikupopa njinga ndinawamva akufunsa Tamiwe motsitsa mawu ngati msewu wa ku Kasenengwa umayendeka nthawi ya mvula kwa munthu wamkulu.

Ndinkayesa tsiku limeneli likadzafika ndidzavina. Koma mpaka lero sindinavine.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo mwana wanu Ben mumuuze alimbikire sukulu kuti asadzafanane ndi ine. Tamiwe akupereka moni, akuti iye analankhula. Amalumenso nditawauza kudzera mwa Tamiwe kuti ndikukulemberani, anati ndikupatseni moni, ndiponso kuti ngati ntchito yakuchulukirani musadzivute n'kuthamanga, ngakhale mutabwera pokolola palibe mlandu.

Koma inu bwerani ndithu.

Ndine mng'ono wanu,
Fulansisi